Mboni Yovala Suti ya Alamu

Mlongo wanga wamng'ono timamutcha Digiri. Chimalizireni sukulu, digiri yakeyo ndi imene inapeza malo okhazikika, pakhoma la pabalaza pathu, pomwe mwini wake amagona pasofa. Choncho atamuitana ku intavyu kukampani ya inshulansi, komwe ankafuna munthu wofufuza madandaulo a anthu ochita ngozi, nyumba yonse inalawirira ngati tikukalembedwa tonse.

Amuna anga anamubwereka suti yawo, manja a jekete mpaka kubisa zala, n'kunena kuti atiperekeza pagalimoto yawo yabuluu. Bambowa ndimawakonda, koma akagwira chiwongolero amayang'ana amene akuyankhula naye, msewu uziona wokha. Njira yonse anali malangizo. Usathamangire mpando. Usakande m'mutu. Uzinena zoona, anthu a inshulansi bodza amalinunkhiza lili patali.

Titafika poimika magalimoto anayamba kubwerera m'mbuyo, pakamwa pakadali pa ntchito, ndipo tinangomva gu. Magalasi a nyali ya galimoto yoyera anali mbwee pansi. M'galimotomo munatuluka mayi wa nsapato zazitali. Anayang'ana nyali yake, anajambula ndi foni, anatenga nambala ya amuna anga, n'kulowa mu ofesi osakweza mawu.

"Iwe Digiri," anatero amuna anga chapansipansi, "wina akafunsa, mayiwa amatuluka osayang'ana. Wamva?"

"Koma alamu, galimoto yawo inali itaima."

"Inali ikuganiza zonyamuka. Pita, uchedwa."

Zam'katimo anatiuza yekha pambuyo pake. Atalowa m'chipinda anapeza anthu atatu kuseri kwa tebulo lalitali, ndipo wapakati anali mayi yemwe uja, mkulu wa dipatimenti yonse. Abambo awiriwo anafunsa zawo zija, za sukulu ndi za chimene akufunira ntchitoyi. Kenako mayiyo anatseka failo.

"Tisavutike ndi nkhani zopeka," anatero. "Panja paja pachitika ngozi, inu munali m'galimoto. Tinene kuti dandaulo lafika patebulo panu. Wolakwa ndani?"

Digiri akuti anaganiza mofulumira. Munthu amene amamudyetsa, amene sanamufunsepo n'kamodzi komwe kuti pasofa paja achokapo liti, anali panja akudikira. Koma akanama, mayiyo zonse anali ataziona ndi maso ake, ndipo ntchito ikanathera pomwepo.

"Wolakwa ndi wa galimoto yabuluu," anayankha. "Amabwerera m'mbuyo akuyang'ana kumbali."

"Amayang'ana chiyani?"

"Amayang'ana ine. Amandilangiza."

Mmodzi wa abambo aja anatsokomola n'kubisa nkhope m'mapepala.

"Mumamudziwa woyendetsayo?"

"Ndi alamu anga. Ndimakhala kwawo." Kenako anawonjezera kuti, "Koma nanunso, mayi, munaimika modumpha mzere pang'ono. Zimenezonso ndikanalemba."

Ife panja tinali duu m'galimoto, amuna anga akuyeseza momwe akafotokozere za mayi wosayang'ana uja. Digiri anatulukira akukoka miyendo, n'kuima pawindo osatsegula chitseko.

"Zayenda bwanji?"

"Mayi aja ndiwo abwana. Anandifunsa za ngoziyi."

"Ndiye wati chiyani?"

"Ndanena kuti ndinu, alamu."

Ine ndinachita mantha, ndisaname. Mlongo ndi wanga, koma nyumba ndi ya tonse awiri, ndipo kukoma mtima kwa munthu kuli ndi polekezera. Ndinayamba kale kuganiza za wachibale amene angakhale ndi sofa ina.

"Nanga ntchito?" anafunsa amuna anga, maso ali kutsogolo.

"Ati ndiyambe Lolemba."

"Chabwino. Failo yanga ikafika ukaione ndi diso lachibale."

"Ati za achibale sindiloledwa n'kuzigwira komwe."

Amuna anga anapumira m'mwamba, n'kutembenukira kwa ine. "Mayi, mwaona? Nthawi yonseyi ndimaweta mboni ya adani anga." Kenako anatsegula chitseko. "Kwera, usandiimire pamenepo ngati wapolisi."

Sanalize galimoto. Anatulutsa foni n'kuimbira mayi athu.

"Amayi, mwana wanu uja wapeza ntchito. Eya, ya mu ofesi, ya tayi. Ndamulowetsa ndine. Zandidyera nyali ya eni, koma walowa."