Fodya wa a Dismas pa Pampu

"Mwachedwanso masekondi makumi anayi, mudala," anatero Whiteson, maso ali pa wotchi.

A Dismas anafwenkha fodya wawo wamphuno, nayetsemula, kenaka n'kupotoza pang'ono gudumu lotsegulira madzi.

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi iwo ndiwo ankayendetsa pampu yokoka madzi mu Zambezi kupita kuthanki ya pa boma la Feira. Koma nkhondo ya kutsidya itakula, zipolopolo zinayamba kuwoloka mtsinje popanda bwato, ndipo kanyumba ka pampu kanali pagombe penipeni. Choncho akuluakulu ku Lusaka anatuma Whiteson, injiniya, kuti aonetsetse mmene mkuluyo amagwirira ntchito, akapange kamakina kochita zomwezo popanda munthu. Kwa Whiteson uku kunali kupulumutsa moyo. Kwa a Dismas, amene anali ndi ana asanu pasukulu, kunali kulandidwa ntchito masanasana, ndipo mtima unkawawawa.

Tsiku lachitatu injiniya anatambasula pepala lake monyadira.

"Mutu wanu wonse uli apa, ba Dismas. Muvi wa geji yoyeza mphamvu ya madzi ukakwera, mumatseka pang'ono. Ukatsika, mumatsegula. Chimene ndachotsapo ni fodya chabe. Makina safwenkha."

"Mutu wanga wakwana pa pepala limodzi? Mkazi wanga Madalena akamva adzati mwawononga pepala, theka likanakwana."

"Lekani niyese ine. Nizachita monga makina, kopanda kuchedwa."

"Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Metani, bwana."

A Dismas anakakhala pa ndowa yovundikira, napinda manja. Whiteson anagwira gudumu. Muvi utangokwera iye anatseka, koma unapitirira kukwera, ndiye anatsekanso. Mwadzidzidzi unagwa pansi. Anatsegula msangamsanga, muvi n'kulumpha kuposa poyamba. Posakhalitsa munthu ndi muvi anali kuthamangitsana ngati galu ndi mchira wake, mpope ukugunda pansi, thukuta lili kamukamu pa malaya oyera a ku Lusaka.

Kunena zoona, a Dismas anakondwa. Akanangokhala chete, mpope ukanaphulika, ndipo nkhani ya kamakina ikanafera pomwepo. Koma mpope womwewo ndiwo unkamwetsa chipatala, ndipo kukonza kukanatenga milungu, msewu wa ku Lusaka uli wovuta chonchija.

"Chotsani manja, bwana."

"Mpope uzaphulika!"

"Chotsani. Tengani aka."

Anamupatsa kabotolo ka fodya. Whiteson, posowa chochita, anafwenkha. Anayetsemula kasanu, misozi ili mbwee, ndipo pamene maso ake anayambanso kuona, muvi unali utaima pakati, mpope uli zii.

"Madzi ali ndi ulendo wautali kukwera phiri lija," anatero a Dismas. "Mukawatuma, adikireni abweze yankho. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Whiteson anatola pensulo, ndipo apa mkuluyo anadziwa kuti wadzigulitsa yekha.

"Ndiye makumi anayi aja si ulesi. Niwabwezere pa pepala?"

"Lero, inde. Mtsinje ukadzaza ndimafwenkha kamodzi. Mu Okutobala, madzi akachepa, mphuno zonse ziwiri. Pampu ikameza mchenga ndimamva kumapazi, fodya sindimugwira n'komwe."

"Kumapazi? Nanga simunaniuze bwanji?"

"Munkayang'ana manja, bwana. Mapazi simunawafunse."

Injiniya anayang'ana pansi. Zoonadi, nsapato za mkuluyo zinali pakhomo, ndipo phazi limodzi linali pa mpope. Whiteson anaseka mpaka kutsokomola, nakhala pansi, n'kuyamba kulemba kalata kuseri kwa pepala lomwe lija. A Dismas anadikira kuti amalize.

"Mwalemba kuti ndichoke liti?"

"Nalemba kuti makina amene afuna alipo kale, koma alibe chipupa chowatchinga ku zipolopolo. Atumize matumba a mchenga mazana awiri."

Matumbawo anafika patapita mwezi, pa lole ya asilikali. A Dismas anawasanja okha mbali ya kumtsinje mpaka kufika padenga, ndipo Lolemba m'mawa anavula nsapato n'kuyatsa pampu.