Tsiku Limene Ndinapinda Galasi

Anyamata a njinga zamoto ndinkadana nawo, ndipo sindinkabisa. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuyendetsa basi yayikulu ya kampani, koma chondiwiritsa magazi pamsewu si maloboti akufa, si apolisi, ngakhalenso anthu ofuna kutsika pomwe palibe siteji. Ndi iwowa. Magalimoto akathithikana, tonse titaima ngati tikuperekeza maliro, iwo amalowa pakati pa mizere iwiri, pampata woti mbuzi yonenepa singadutse. Fyuu! Pomwe uzitembenuka munthu wapita kalekale, galasi lako likulendewera.

Galasi ndikunenali ndi lija la m'mbali, loonera kumbuyo, limene limakhala pafupi ndi zenera la dalaivala. Anandithyolera atatu chaka chimodzi. Lachitatu litathyoka, abwana a ku depoti anandiitanira mu ofesi mwawo n'kundifunsa ngati basiyo ndimayendetsa kapena ndimamenyera nkhonya. Basi, nanenso ndinayamba zimene madalaivala anzanga amachita. Mzere ukangoima, umatulutsa dzanja pazenera n'kulipinda galasilo kuti ligone m'mbali mwa basi. Mzere ukasuntha, umalitambasula. Kampani imaletsa zimenezi, ndipo aliyense amadziwa kuti ukagwidwa ntchito yathera pomwepo. Koma ndani angakugwire pakati pa magalimoto mazanamazana?

Ndiye taonani zimene Mulungu amachita akafuna kukuseka. Mlongo wanga, yemwe ndinamulera ndekha makolo athu atamwalira, anakakwatiwa ndi mmodzi wa anyamata omwewa. Anzake ankamutchula kuti Singano, chifukwa pamsewu ankasoka magalimoto. Ntchito yake inali yonyamula mankhwala kuchokera kunyumba yosungira katundu n'kumakapereka m'mafamase, bokosi loyera kumbuyo, helemeti yachikasu kumutu. Ndinayesetsa kuti ndimude, zinandikanika. Munthu wake anali woseketsa moipa. Lamlungu akabwera kwathu ndi mkazi wake ndi ana awo awiri, asanakhale n'komwe pansi ankayamba.

"Alamu, basi yanu ija imayenda, kapena imangokalambira pamsewu?"

"Inu alamu, kuthamanga si kufika. Tsiku lina tidzakutolani ndi fosholo."

"Mukadzafika ndi fosholoyo mudzapeza ndachira kale, ndabereka mwana wina!"

Akazi athu ankaseka mpaka kupukuta misozi, ine n'kumanamizira kukwiya.

Linali Lachinayi, cha m'ma folo koloko masana, dzuwa likuotcha ngati lalipidwa. Tinaima pamsewu waukulu wopita ku mlatho, mizere iwiri yopita mbali imodzi, palibe chosuntha. Basi yanga inali mumzere wa m'mphepete. Pambali panga, mumzere winawo, panali lole ya simenti, injini yake ikubangula moti wailesi yanga sinkamveka. Galasi ndinali nditapinda kale.

M'mphepete mwa msewu munaima mayi wina wachikulire ndithu, wovala diresi ya buluu, atanyamula kampando kapulasitiki kofiira, tija timagulira ana. Ankafuna kuwoloka. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, kenako anakweza maso n'kuyang'ana ine pamwamba paja. Ine ndine munthu wolusa, koma kwa oyenda pansi ndili ndi ulemu, ndipo ndinkanyadira zimenezo. Ndinamwetulira, n'kuwakodola ndi dzanja kuti dutsani, mayi. Munthu woganiza bwino amayamba wayang'ana pagalasi asanachite zimenezo, kuopa kuti pakati pa mizere pakubwera njinga. Ine ndikanayang'ana pati?

Mayiwo anawerama pang'ono pothokoza. Anadutsa kutsogolo kwa basi, kampando kali pachifuwa. Atangotulukira mbali yanga, ndinamva hutala kawiri, kenako phokoso limene sindikufuna kulifotokoza. Anthu m'basi anakuwa. Kampando kaja kanauluka n'kukagwera pansi pa lole.

Ndinene chilungamo pano, poti kwina konse ndinakanika. Ndisanatsike, ndisanadziwe ngati mayiwo ali moyo, ndinatulutsa dzanja n'kutambasula galasi. Chinthu choyamba chimene ndinachita n'chimenecho.

Nditatsika ndinapeza mayiwo ali chagada, maso ali gwa, magazi akutuluka m'khutu. Cha kutsogolo, njinga inali itapindikira kutayala la lole, mabotolo a mankhwala ali mbwee pamsewu. Wanjingayo mwendo wake unali utapanikizika pansi pa njingayo, utakhotera kosayenera. Ndinaona helemeti yachikasu, n'kuthamangira pomwepo.

"Alamu!"

Anthu anali atayamba kale kusonkhana, ena atatola miyala. "Amenewa atikwana! Aphedwe!" Mlamu wangayo ndinamugwera pamwamba n'kumakuwa kuti wofuna kumenya ayambe ndi ine. Mwala umodzi unandipeza paphewa. Mwamwayi apolisi a pamsewu sanali patali.

Kupolisi anandilowetsa m'kachipinda ka tebulo limodzi, kokhala ndi fani yosazungulira. Wapolisi wolemba sitetimenti anali wodekha, cholembera chake chomangidwa ndi chingwe kutebulo. Anati okwera basi anena kale kuti ndinawakodola mayi aja kuti adutse.

"Musanawakodole, munayang'ana pagalasi?"

"Ndinayang'ana, bwana."

"Munaona chiyani?"

"Munalibe kanthu."

Analemba pang'onopang'ono, n'kugwedeza mutu. "Ndiye kuti pagalasi palibe kanthu, mayi aponda katatu, njinga yafika kale. Ameneyu ankauluka."

Ndinasayina. Pamene ndinkatuluka, mumtima ndinkadziuza kuti ndangoteteza ntchito yanga, sindinanamizire munthu. Mawa lake m'mawa mayi aja anamwalira kuchipatala.

Patapita sabata mlongo wanga anabwera kunyumba. Anakana tiyi, anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo. Anali atatha ngati wadwala mwezi wathunthu.

"Achimwene, loya wa boma uja wandiuza kuti nkhani yonse yagona pa liwiro. Akuti kukanakhala kuti bambo a ana ankayenda bwinobwino, mwina akanangowalipiritsa faindi n'kuwalanda laisensi. Koma ndi zimene zalembedwazi, akuti ndi ndende basi."

"Pepa, mlongo wanga."

"Akuti mawu amene akuwamanga ndi anu. Ine sindikuti muname, achimwene, ndikudziwa kuti simunama. Koma takumbukirani bwino. Mwina dzuwa linakuthobwani m'maso? Mwina munayang'ana mochedwa?"

Mwana amene ndinamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato anali pakhomo panga, akundiuza kuti sindinama. Ndinkafuna nthaka ing'ambike. Ndinangoti ndiganiza, n'kumuperekeza mpaka pamsewu.

Masiku atatu otsatira ndinayendetsa basi ngati chidakwa. Ndinadutsa siteji ziwiri osaima, kondakitala mpaka anandifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Chakudya chinkandiwawa m'kamwa. Mkazi wanga ankaganiza kuti ndi chisoni chabe, n'kumandisisita paphewa pomwe panagwa mwala paja. Tsiku lachinayi ndinapempha kuweruka masana, ndinapita kuchipatala nditatsimikiza mtima kuti ndikaulula kwa Singano mwini wake, kenako ndipita kupolisi.

Wodi ya amuna othyoka mafupa inali yodzaza, mabedi mbali zonse, miyendo yokutidwa chikhakha itapachikidwa m'mwamba. Theka la odwalawo anali anyamata a njinga. Singano anali pabedi lakumapeto, pafupi ndi zenera losweka, wapolisi womulondera akuwodzera pabenchi. Bulangete linali lathyathyathya pamene panayenera kukhala phazi lake lamanja. Mlongo wanga sanandiuze kuti analidula.

"Alamu," anatero akumwetulira mofooka, "fosholo ija mwabwera nayo?"

Ndinalephera kuseka. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, n'kutsitsa mawu.

"Alamu, ndabwera ndi nkhani yoipa. Tsiku lija galasi langa..."

"Linali lopinda. Ndinaliona."

Ndinamuyang'ana kumaso, iye n'kupitiriza.

"Ife tikamalowa pakati pa magalimoto, maso amakhala pa magalasi," anatero. "Ndinaona galasi lopinda, ndinaona nambala ya basi, ndinati awa ndi alamu anga, akalambira pano. Ndinawonjezera moto pang'ono kuti ndikudutseni ndikuliza hutala, Lamlungu ndidzakusekeni. Pang'ono pokha, alamu. Sindinkauluka ngati mmene alemberamo. Koma ndikanapanda kusewera, mwina mabuleki akanagwira."

"Nanga apolisi simunawauze bwanji za galasilo?"

"Ndiwauze kuti chiyani?"

"Ndikupita ndekha lero lomwe. Ndikasintha sitetimenti. Loya akuti mukhoza kutuluka."

Anandigwira dzanja mwamphamvu moti ndinadabwa kuti mphamvuzo wazitenga kuti.

"Ndituluke ndipite kuti? Tayang'anani apa." Analoza bulangete lija. "Njinga ndiye ndatsanzikana nayo. Ntchito anandichotsa tsiku lomwelo. Inu mukakaulula, kampani ikuthamangitsani, laisensi alanda, mwina akutsekeraninso chifukwa chonamiza apolisi. Ana anu atatu, anga awiri, akazi awiri. Adya chiyani? Chilungamo?"

"Koma alamu, ndende si masewera. Ndi mwendo umodzi?"

"Kumeneko adzandipatsa chakudya, kaya n'choipa. Kunyumba ndikangokhala pakhonde n'kumawerenga ntchentche. Inu yendetsani basi. Mwana wanga wamkulu uja chaka chamawa akuyamba sukulu, mukamulembetse ndinu." Anandikokera pafupi. "Ndipo mayi a ana asamve. Akamva adzakudani, ndiye sadzalandira kanthu kochokera m'manja mwanu. Ndimamudziwa mlongo wanuyo, ndi wamakani ngati inu nomwe."

Ndinalira pamaso pa wodi yonse, bambo wamkulu ndevu zili pepepe. Koma choipa kwambiri n'chakuti pansi pa misoziyo mtima wanga unapepuka. Ndinamva bwinobwino ukupepuka. Ndinabwera kudzapereka khosi langa, munthu wopanda phazi n'kundibwezera, ine n'kulandira ndi manja awiri. Mpaka lero ndimadzinyansa ndikakumbukira.

Mlandu unalowa patatha miyezi iwiri. Khotilo linali laling'ono, mabenchi olimba, mazenera otsekula chifukwa cha kutentha, moti phokoso la njinga zodutsa panja linkalowa mpaka woweruza kumabwereza mawu. Singano analowa ndi ndodo ziwiri, buluku litapindidwa n'kumangidwa ndi pini. Mbali ina kunakhala abale a malemu. Pakati pawo panali bambo wina wochepa thupi, wa imvi, jekete lake lalikulu kuposa mwini wake. Wina anandinong'oneza kuti ndi mwamuna wa mayi aja.

Anandiitana, ndinakweza dzanja n'kulumbira. Wozenga mlandu anandifunsa funso lomwe lija.

"Musanawakodole mayiwo, munayang'ana pagalasi?"

Ndinayang'ana kwa Singano. Iye anali atazyolika, akuyang'ana ndodo zake. Ndinayang'ana kwa mlongo wanga, amene maso ake anali pa ine, akudikira kuti mwina achimwene akumbukira kena kake.

"Ndinayang'ana."

"Munaona chiyani?"

"Munalibe kanthu."

Woweruza analankhula nthawi yaitali. Anati anthu atopa ndi njinga zosoka pakati pa magalimoto, anati mpata wa pakati pa mizere si msewu, anati pafunika chilango choti ena atengerepo phunziro. Mawu onsewo anali anga, omwe ndakhala ndikulalata zaka zonsezi pachiwongolero. Singano anamupatsa zaka zitatu. Mlongo wanga sanakuwe. Anangotsamira paphewa langa pamene apolisi ankamuthandiza mwamuna wake kukwera masitepe opita kumbuyo.

Tinatuluka panja, ndikumugwiriziza kuti asagwe. Tili pamasitepe, ndinamva wina akundikoka malaya. Anali bambo a jekete aja. Ndinakonzeka kutukwanidwa, ndipo ndikanakondwa akanandimenya mbama. Koma iwo anavula chipewa, n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Adalaivala, ndimafuna ndikuthokozeni. Mkazi wanga ankaopa msewu umene uja, masiku onse ankadandaula kuti palibe amene amamuona. Ndamva kuti inu munamuona, munamumwetulira, munamupatsa njira. Zimanditonthoza kuti munthu womaliza amene anamuyang'ana kumaso anali munthu wabwino. Madalaivala onse akanakhala ngati inu, bwenzi lero ndili naye."

Anatembenukira kwa mlongo wanga, osadziwa kuti ndi ndani. "Awa ndi akazi anu?"

"Ndi achimwene anga," anayankha iye, mawu ali okuthakutha. "Ndi amene anandilera."

"Muli ndi mwayi, mayi. Muwasunge."

Manja awo anali adakali pa dzanja langa, ofunda, akudikira kuti ndiyankhe. Kumanzere kwanga mlongo wanga anali atandikolowola mkono. Ndinatsegula pakamwa, ndipo mawu oona anafika mpaka pammero.

"Zikomo, bambo," ndinatero. "Muyende bwino."