Mtsuko wa Achimwene

Ndinaika mkate pansonga ya nkhafi, n'kutambasula manja mpaka unagwera pamwala umene unali pakhomo pa hema. Kuyandikira kuposa pamenepo sikunkaloledwa. Munthu akadwala pa ulendo timam'mangira hema payekha, timamusiyira mkate ndi madzi, ndipo sitimuzonda kapena kumuyankhula. Akachira amadzuka yekha n'kubwera. Akapanda kubwera ndiye kuti sanachire. Lamulo lake ndi lalifupi choncho, ndipo ndinkaliona lanzeru kufikira pamene m'hemamo munagona achimwene anga, a Ozur.

Linali tsiku lachisanu kuchokera pamene tinawamangira hemalo. Anayamba kutentha thupi titangomaliza kukoka ngalawa pamtunda, pazipika, kudzaigwetsera mumtsinje wa Lovat umene madzi ake amathamangira kwathu ku Holmgard. Tsiku lomanga hemalo ndinasankha ndekha mtsuko waukulu koposa m'ngalawa yonse, wa chivundikiro chathabwa, n'kuudzaza mpaka m'khosi. Tinachita kuunyamula awiri ndi Bersi, mnzanga wa mpando umodzi popalasa.

"Iwe Kolbein," anatero Bersi akupumira m'mwamba, "akulu akowa ukufuna azimwa kapena azisambira?"

Sindinafune kuti asowe madzi. Ndi zokhazo zimene ndinkaloledwa kuwachitira, ndiye ndinazichita mopitirira.

M'mawa wa tsiku lachisanulo ndinagogoda mtsukowo ndi nkhafi. Unalira ngati dzulo lake, ngatinso dzana: kulira kwa mtsuko wodzaza. Mkate wadzulo panalibe. M'matope ozungulira mwala munali mapazi a galu. Ndinaima pang'ono kumvetsera. Chifuwa chija, chimene masiku oyamba chinkamveka mpaka kumene tinkagona, chinali chitasiya. Inkangomveka mvula yamawawa ikugwera pansalu ya hema.

Anzathu anali kuseri kwa mitengo, kumtunda kwa mtsinje, kumene tinakocheza ngalawa. Ndinapeza a Gunnstein, eni ngalawayo, atanjuta m'mphepete akuswa madzi oundana ndi chitsulo cha nkhwangwa yawo. Anakweza chibenthu n'kuchiyeza ndi zala.

"Mkate watengedwa?" anafunsa osandiyang'ana.

"Wadzulo palibe."

"Ndiye tidikira."

Iwo anali atalumbira pamaso pa mboni kuti ngalawa sichoka malinga ngati mkate ukutengedwa. A Ozur anawavuulapo m'mathithi chaka china, atawagwira ndevu, ndipo munthu saiwala amene anam'koka ndevu n'kumusiya wamoyo.

"Tidikira ndithu," anatero Bersi. "Kwathu tidzapita wapansi, pamwamba pa mtsinje utaundana, ngalawa ili pamutu. Dzulo chala chimodzi, lero ziwiri. Iwe wanzeru iwe, mawa zikhala zingati?"

"Tseka pakamwa, Bersi," anatero a Gunnstein.

"Ndatseka, akulu. Ndi mano okha akugwedezekawa."

Palibe anaseka. Amuna makumi atatu ankadziwa tanthauzo la kutsekeredwa ndi madzi oundana pamalo opanda mudzi, ufa uli wa masiku khumi ndi awiri. Sankandinena. Ankangosuntha pang'ono ndikakhala pamoto.

Ine pa lupanga ndinali munthu wamba, pa nkhafi wamba kwambiri. Chimene ndinkadziwika nacho ndi ndagi. Panalibe yondigonjetsa, ndipo ndikaimasula ndinkamva kukoma kumene ena amamva akagwetsa mdani. Tsono nayi ina inali itandipeza yokha, yoyalidwa bwino pamwala. Mkate ukutha, madzi sakutha. Munthu wotentha thupi amayamba ndi madzi, mkate amaukana. Nanga ndani amadya mkate osatha kuvundukula mtsuko? Ndinacheuka. Galu wa a Gunnstein anali atagona pamulu wa zikopa, mimba ili tantha ndi kukhuta.

Yankho ndinalisunga tsiku lonse ngati khala lamoto m'kamwa. Sindinganame, mbali ina ya mtima wanga inkalira, koma ina inkanyadira kuti ndine ndekha ndaona.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi madzi oundana anafika zala zitatu, ndipo zibenthu zinayamba kuyandama pakati pa mtsinje. Ndinakasiya mkate monga mwa masiku onse, ndinagogoda mtsuko, n'kubwerera. Kenako ndinaima pakati pa anzanga.

"Achimwene anamwalira," ndinatero. "Mwina dzana, mwina kale."

A Gunnstein anaika nkhwangwa pansi. "Walowamo?"

"Ayi. Palibe chifukwa cholowera."

Ndinawafotokozera za mtsuko, za mapazi a galu, za chifuwa chimene chinasiya. Ndinafotokoza bwino, mwadongosolo, chimodzi pambuyo pa chinzake, moti ena ankagwedeza mitu ndisanamalize. Bersi anayang'ana galu uja.

"Ndiye masiku onsewa takhala tikudwazika iwe?" anatero. Galuyo anagwedeza mchira.

"Kolbein," anatero a Gunnstein, "ndiwe m'bale wake. Mawu ako okha ndi amene angandimasule. Ukunena zimenezi pamaso pa mboni?"

"Pamaso pa mboni."

Anatchula amuna atatu mayina, iwo n'kuvomera kuti amva. Nkhuni zouma zowotchera mtembo kunalibe, mvula inali itanyowetsa nkhalango yonse. Tinagwirizana kuti hema likhale manda awo kufikira tidzadutsenso madzi akasungunuka, ndi kuti ku Holmgard ndidzawaimikira mwala n'kusemapo dzina lawo ndi dzanja langa. Katundu analowa m'ngalawa mwachangu chimene sindinachionepo.

Tinakankhira ngalawa pakati, madzi n'kuitenga. Lovat nthawi imeneyo amathamanga, ndipo zibenthu zinkagunda m'nthiti mwa ngalawa ngati anthu ogogoda pakhomo. Kuima pamenepo kunali kupereka matabwa kuti aswedwe. A Gunnstein anali pachiwongolero, maso patsogolo. Ife opalasa, monga mwa nthawi zonse, tinali titafulatira kumene tikupita, nkhope zili kumene tachokera.

Ndi chifukwa chake tonse tinaona.

Titadutsa hema lija, khomo lake loyang'ana kumtsinje linagwedezeka. Munatuluka dzanja. Linali lowonda, lopanda zala ziwiri zimene achimwene anazisiya pankhondo ina kum'mwera. Linayenda pang'onopang'ono pamwala, n'kudutsa mkate osaukhudza, mpaka linapeza chogwirira cha mtsuko.

"Ali moyo," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ngati a munthu wofunsa njira.

Nkhafi ya Bersi sinaphonye ngakhale kamodzi. "Wanena wekha," ananong'ona. "Pamaso pa mboni."

"A Gunnstein," ndinaitana.

"Palasa, Kolbein," anayankha, maso ali pa chibenthu chachikulu chimene chinkabwera cham'mbali. "Kumanzere, mwamphamvu. Chavuta n'chiyani kumbuyoko? Bwanji nonse mwangoti duu?"

Nkhafi makumi atatu zinalowa m'madzi n'kutuluka pamodzi, ndipo yanga inali imodzi mwa izo, chifukwa nkhafi imodzi ikaima imakola zinzake. Galu anali mtulo pamapazi anga.

Dzanja lija linakoka mtsuko. Sunasunthe. Linakwera kufuna chivundikiro, koma khosi la mtsukowo linali patali, zala zitatu zija n'kuterereka padongo lonyowa. Linapumula. Linakokanso, monga mmene liyenera kuti linkakokera m'mawa uliwonse ine nditangochoka. Kenako linatsegula chikhatho, n'kuchiloza kumwamba, kudikira madontho a mvula.

Mtsinje unakhota lidakali chitambasulire.