Chiyambi Chimene Sitinachione

Mvula inayamba m'mamawa, ndipo pofika masana misewu ya ku Iloilo inali itadzaza madzi. Nenita, mwana wanga wamkazi, anafika atanyowa mpaka m'mawondo.

"Ababa, valani nsapato. Filimu yanu ija aipanganso. Matikiti ndagula kale."

Ndinavala.

Filimuyo ndinaionera kamodzi, mu 1978, ndi Meding, tisanakwatirane. Masiku amenewo munthu unkalowa m'nyumba ya kanema nthawi iliyonse. Ukapeza filimu ili pakati, unkaonera mpaka kumapeto, n'kukhalabe pampando kuti ikayambiranso uone zimene zinakupita. Ife tinalowa ili pakati. Tinapeza mwamuna ali yekhayekha pa dziko lina la madzi oundana, akuyatsa nyali yolondolera zombo za mumlengalenga. Itatha, Meding anadzambatuka. Kwa amayi ake anali atatsanzika kuti akukagula ulusi, ndipo nthawi inali itatha. Chiyambi sitinachione.

Tinakangana zaka makumi anayi ndi zitatu. Iye ankati mwamunayo anatsala mwadala kuti anzake apulumuke. Ine ndinkati anangomuiwala, ngati thumba la mpunga padoko. Ana atapeza filimu yakaleyo pa foni, Meding anakana kuiona. "Ndiye pa chakudya tizikamba chiyani ndi munthu wosalankhulayu?" anatero. Papita zaka zitatu chimwalirireni Meding.

Titafika pakhomo la kanema, ndinaima.

"Lowa. Ndikupeza."

"M'mimba mwavuta?"

"Ayi. Ndilowa ikafika pakati."

Nenita anagwira m'chiuno. "Ababa, ine ndasambira m'madzi a m'ngalande chifukwa cha inu, ndiye muonere theka?"

Mayi wong'amba matikiti anaseka. "Agogo, zija zinatha kalekale. Masiku ano ikatha aliyense amatuluka, ife timasesa. Mukaphonya chiyambi, mwaphonya."

"Ndamva."

"Amva, koma sasuntha," Nenita anauza mayiyo. "Njati yolimira imamva msanga kuposa awa."

Analowa yekha. Mayi uja anandikokera kampando kake, osafunsa kanthu. Ndinakhala. Ndikanaona chiyambi, mmodzi wa ife akanapambana. Akanapambana Meding, sakanakhalapo kuti andiseke. Ndikanapambana ine, ndikanauza ndani?

Patapita pafupifupi ola, mayiyo anandiunikira ndi tochi mpaka pampando wanga. Munkazizira. Mwamuna wa pa kanemayo anali wamng'ono kuposa wakale uja, ndipo anamupatsa makina olankhula oti azicheza nawo. Phokoso linkagwedeza mpando. Koma nyali ankaiyatsa chimodzimodzi, akuuzira mpweya m'zala, n'kuyang'ana kumwamba kumene kunalibe aliyense. Pamenepa m'pamene Meding anandigwira dzanja koyamba, akunamizira mantha.

Nenita ankafwenthera. Anali atayamba kulira ine ndisanalowe. Sindinamufunse.

Itatha, magetsi anayaka, anthu anatuluka. Ine ndinakhalabe. Thupi linkadikira kuti iyambirenso. Amayi awiri a matsache anaima kumapeto kwa mzere wathu, akuyang'anana.

"Ababa, siyambiranso," Nenita anatero motsitsa mawu.

"Ndikudziwa."

"Ndikuuzeni? Zonse azilongosola koyambirira kwenikweni. Mawu awiri okha, nkhani yatha."

Ndinamuyang'ana. Yankho linali pamilomo pake, ngati madzi odzaza m'kapu. Ndinayang'ana kumbali.

"Anamuiwala," ndinatero.

Nenita anapukuta mphuno. Kenako anatembenuka, nkhope ataikwinya.

"Anamuiwala bwanji? Munthu wamkulu, wa ndevu zake, angaiwalike ngati chipewa? Anatsala mwadala ameneyo."

Ndinamuyang'anitsitsa. "Waona, kapena ukungolankhula?"

"Zimene ndaona ndi zanga. Apa ndikungolankhula. Wina ayenera kumakutsutsani, apo ayi muwola m'kamwa."

"Chombo chinali chodzaza. Sanawerengane."

"Ha! Anthu opita kumwamba alephere kuwerengana? Si jipini, minibasi ya kumsika, imeneyo, Ababa."

Mmodzi wa amayi a matsache anatsokomola. "Agogo, ena akudikira panja."

Ndinadzuka, ndinagwira Nenita pamkono, ndipo tinatsika kukamwa msuzi wotentha tikukanganabe.