Nsapato za Sajeni

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi Clive Ollerton adazithera kuseri kwa kauntala ya polisi yonamizira, m'sewero la pa TV lija la Lachinayi lililonse. Anali sajeni wolandira madandaulo. Anzake ali kalikiliki kuthamangitsa mbava m'misewu ya Leeds, iye yake inali kukweza foni n'kunena kuti, "Bwana akukufunani m'mwamba." Basi. Kamera inkamujambula kulekeza m'chiuno, ndiye kumapazi ankangovala masilipasi a m'nyumba, obooka pachala chachikulu.

Maondo anali atatha, msana osanena. Koma mkazi wake adamwalira, mwana ali ku Canada, ndipo pakauntala paja ndi pokhapo pamene munthu ankamudikira m'mawa.

Lolemba lina, Bernadette wosamala zovala adamubweretsera tiyi.

"Clive, nsapato umavala saizi yanji?" adafunsa maso ali pakapu.

Pamalopo ngakhale wosesa ankadziwa: wa kuseri kwa kauntala akamufunira nsapato ndiye kuti olemba sewero amupha. Woimirira mapazi saoneka, koma mtembo umagona zidendene zili poyera.

"Mfuti kapena galimoto?" adafunsa Clive.

"Ine ndimangosita malaya, nkhalamba iwe."

"Bernie, wandidyera mabisiketi zaka zonsezi, lero undinamize?"

"Galimoto. Lachisanu. Ndalira kale m'chimbudzi, usandiyambitsenso."

Clive adamva chisoni, inde, komanso kachimwemwe kochititsa manyazi: tsopano amupatsa chochita! Masiku atatu adakhalira pagalasi kuyeserera nkhope ya munthu womwalira.

Lachisanu nsapato zidabwera, zonyezimira, zoluma zala. Clive adazitembenuza n'kupukusa mutu.

"Izi ayi. Anthu aziti sajeni sadayendepo chibadwire?"

Bernadette adagwada n'kuzikwecha pakhoma la njerwa mpaka zidaoneka zotopa ngati mwini wake.

Kasanu ndi kanayi Clive adagona paphula ponyowa, mvula ikumulowa m'khutu, magazi onamizira a manyuchi ali nanda nanda m'khosi. Nkhope ija adaipereka yonse. Kenaka Tamsin wotsogolera sewero, mtsikana wobadwa sewerolo litayamba kale, adakuwa, "Zatheka! Tiwaombere m'manja a Clive!"

Adamudzutsa awiri, wina mkono uwu wina uwu. Asanadye keke yotsanzikana adapempha kuona zomwe ajambula. Pakagalasi ka kamera padaoneka tayala, mvula, ndi nsapato ziwiri zitaloza kumwamba.

"Nanga nkhope?"

"Taona kuti mapazi okha ndiye akugwira mtima kwambiri," adatero Tamsin, maso ali kale papepala la mawa.

Zaka zonsezi kumubisa mapazi, lero kumubisa nkhope! Clive adafuna kukalipa, koma mphamvu zake zinali zitatsala paphula paja. Adangokhala pansi n'kumasula zingwe.

Bernadette adabwera kudzatenga nsapatozo, akupukuta m'maso.

"Zaoneka bwino, eti?"

"Wasewera bwino ndiwe, Bernie, ndi nsapato zako zokwechazi," adatero Clive. "Dziko lonse likulirira iwe Lachinayi."

Adapita kuseri kwa kauntala, adatola masilipasi ake, adawaika m'jumbo, n'kupita kukadikira basi yopita kwawo.