Mtsitse Dafuleni

"Popanda ine, mlongo wanga Dafuleni sangaone dzuwa la mawa!" Ankatero Felesiya pa mjigo, manja ali m'chiuno ngati wapambana chisankho. "Ine ndiye mayi ake, ine ndiye chipatala chake, inenso ndiye wilibala yake."

Pa wilibalapo sankanama. Chimwalirireni mayi awo, Dafuleni, bambo wandevu zake, anasamukira ku kachasu, ndipo wokamutola anali Felesiya. Kumusambitsa ndi iye, kumuchapira buluku ndi iye, kuuza anthu kuti ndi malungo ndi iye yemwe. Malungo anji onunkha m'kamwa? Mwamuna wa Felesiya anatopa kudya yekha, nabwerera kwawo. Ngakhale tsiku lometa maliro, pamene abale ankachotsa tsitsi kuti malemu apite bwino, awiriwa kunalibe. Anali m'ngalande, wina akukoka mnzake. Mvula inagwa, chimanga chinacha, tsitsi likadali lomwelo. Misozi nayo Felesiya sanaipezere mpata.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, anakhala pakhonde kuswa mtedza. Tulo tinamuba lichero lili pamiyendo.

Anapezeka panjira ya kumanda. Kunali zii, ngakhale njiwa osalira. Kumsana kunkalemera. Atacheuka anaona kuti wabereka Dafuleni pa chitenje cha malemu mayi awo, mapazi akukwekwereza pansi, ndevu zikumubaya pakhosi. Kenako linabwera fungo la fodya wa chingambwe ndi mtengo wosema kumene. Pachitsa panakhala agogo ake aamuna, a Chimbalanga, osema mitondo, amene anamwalira iye akadali mtsikana.

"Felesiya, wabereka ndani?"

"Mwana wa amayi, agogo."

"Mwana wandevu?" Sanaseke. "Mtsitse."

"Agwa."

"Agwe. Munthu amadzukira pansi. Kodi ukumugwira kuti asagwe, kapena kuti iwe usalire?"

Agogowo anatukula dzanja, naloza kutsogolo.

"Taona uko." Pamphambano panaima mayi ake, atafulatira, kamtolo kali pamutu, mapazi atatuwa ndi fumbi. "Mwana wanga waima pomwepo chimuikireni. Apita bwanji ana ake asanamulire? Kamete."

Anadzidzimuka nkhuku zikujompha mtedza. Pampanda panasuzumira a Nabanda, ophika kachasu.

"Mayi wilibala, katundu wanu wagwa kuseri kwathu. Kamutoleni, akutithawitsira makasitomala."

Miyendo inanyamuka yokha, poti inazolowera. Pachipata anaima, kumsana kukumvekabe kulemera kuja.

"Akadzuka, njira akuidziwa."

"Mwati bwanji?"

"Mwamva."

Anagula lezala paokala, nalunjika kwa mayi ake aang'ono, a Nasiwelo. Njira yonse mtima unali kuseri kwa a Nabanda. Nanga akatsamwa? Nanga akagwera m'chitsime? Kawiri anatembenuka, kawiri anapitirira.

A Nasiwelo anayang'ana lezala, nayang'ana mutu.

"Wachedwatu, mwanawe."

"Ndinali ndi katundu, mayi."

"Gwada."

Madzi ozizira anatsikira m'khosi. Lezala litangodutsa kamodzi, tsitsi linagwera pamaondo pake, ndipo chinthu chimene chinakhala pachifuwa nyengo yonseyi chinaphulika.

"Mayo ine! Amayi, mwandisiyira yani? Ndatopa ine, amayi!"

A Nasiwelo sanamutonthoze. Ankangometa, nawonso misozi yawo ikutsika. Analira awiriwo mpaka mthunzi wa nkhokwe unafika pakhonde.

Kenako wina anakhosomola. Anali Dafuleni, matope mpaka m'makutu, nsapato imodzi, mlomo utatupa. Panalibe womugwira dzanja, panalibe womukankha pa wilibala. Anabwera ndi miyendo yake iwiri, ya makolo ake. Anayang'ana tsitsi lili pansi, nayang'ana mpala wa achemwali ake ndi maso awo ofiira. Felesiya anafuna kudzuka kuti amupukute, koma a Nasiwelo anamupanikiza phewa.

Dafuleni anagwada yekha pafumbipo, naweramitsa mutu.

"Mayi aang'ono, lezalalo likadali lakuthwa?"