Mutu wa Lachisanu

"Ndati mutu wamoyo. Wophethira, woyetsemula, wolira ukaukoka."

"Nanga zidolezi zalakwanji?"

"Chidole sichibwera mawa lake kudzakutukwana kuti wachiwononga. Lachisanu aliyense abwere ndi munthu wake."

Ankalankhulawo anali aphunzitsi a Nubia, ndipo wofunsayo anali Kerly, amene pa atsikana khumi ndi awiri a m'kalasi yophunzira kudula tsitsiyo ndiye ankafunsa chilichonse pofuna kuti nthawi ithe. Malamulo a mayeso anali pa bolodi. Munthu wako akhale wa tsitsi lofika m'mapewa. Ulidule muyeso wa zala zinayi kapena kuposa, pa mphindi makumi anayi, woyesa wochokera ku boma akuonerera. Ukakhoza, satifiketi. Popanda satifiketiyo, m'masaluni a mumzinda wa Cali umangosesa tsitsi lodula anzako.

Dayerli anakopera malamulowo m'kope mosamala, ngati kuti akawalemba bwino afewa. Pa sizasi panalibe womuposa m'kalasimo. Ngakhale a Nubia, amene kuyamikira munthu kumawawawa pakhosi, ananenapo zimenezi kawiri. Koma Dayerli anafika ku Aguablanca, dera la mumzindamo, miyezi isanu ndi itatu yapitayo, kuchokera kwawo ku Guapi, m'mphepete mwa nyanja, ndi chikwama chimodzi. Atawerenga anthu amene ankawadziwa mayina kunja kwa sukuluyo anapeza atatu. Mmodzi anali wadazi.

Anayamba ndi a Herminia, eni nyumba imene ankachitako lendi kachipinda ka kuseri. Anawapeza pakhomo akusenda nthochi zaziwisi.

"Amayi, tsitsi lanuli nsonga zagawikana. Bwanji ndikuduleni Lachisanu? Ulere."

"Ulere? Mwana wabwino iwe!" A Herminia anapukuta manja n'kulowa kukaona kalendala ya pafupi ndi firiji, ija yokhala ndi timiyezi tojambula pansi pa masiku. Anatulukamo nkhope itasintha. "Lachisanu lake lomweli? Ukufuna undiphe? Mwezi ukutha kumwambaku."

"Ndi mayeso, amayi."

"Mayeso ndi ako, mutu ndi wanga. Mkulu wanga anadulitsa mwezi ukutha chaka chimene anakwatiwa. Mwamuna anapita, ana anakula, tsitsi mpaka lero lili m'makutu momwemo. Ubwere pa naini, mwezi ukakhala. Udzandidule mmene ungafunire."

Dayerli sanatsutse. Akanatsutsa chiyani? Kwawo mwezi ukamatha amadula mitengo yosemera mabwato, ukamakula amadula tsitsi, ndipo sanamvepo za munthu wanzeru zake amene anasinthanitsa ziwirizi.

Wotsala pa atatu aja anali a Eulalia, ogulitsa zipatso za chontaduro pa siteji ya basi, amene ankamuwonjezera uchi chifukwa nawonso kwawo kunali kunyanja. Iwowa sanafune n'komwe kalendala.

"Mwanawe, undipemphe impso ndikupatsa. Ndili nazo ziwiri."

Lachitatu masana Dayerli anaima pa siteji pomwepo ndi chikatoni cholembedwa kuti KUDULA TSITSI ULERE LACHISANU. Azimayi ankawerenga, kumwetulira, kenako n'kuyang'ana kumwamba dzuwa lili phwee, ngati mwezi uwayankha. Ena ankafunsa foni zawo, mafoniwo n'kugwirizana ndi a Herminia. Anadzipereka amuna awiri okha, ndipo tsitsi la onse awiri kuliphatikiza silikanakwana zala zinayi.

Lachinayi anatsalira anzake atatuluka, n'kumapukuta zipeso zopukuta kale.

"Aphunzitsi, tsikuli silingasunthe? Mlungu umodzi wokha."

"Amene anasankha tsikuli amakhala mu ofesi yopanda zenera, mwana wanga. Mwezi sanauonepo. Woyesayo akaphonya Lachisanu abweranso chaka chamawa."

"Nanga inuyo?"

"Mphunzitsi saloledwa." A Nubia anakhudza tsitsi lawo kumbuyo, ndipo zinaoneka kuti pa malamulo onse a boma, limeneli ndilo ankalikonda. "Anzakowa apeza bwanji?"

Anzakewo sanapeze, anali nawo kale. Abale awo ankaopa mwezi chimodzimodzi, koma m'bale ndi munthu amene ungamuwononge mutu, iye n'kukukwiyira mpaka Khirisimasi, n'kudyabe nawe mbale imodzi. Kerly yekha anali ndi azichemwali anayi. Mitu inayi ya munthu mmodzi, pamene mayeso ankafuna umodzi. Dayerli anamupempha wotsala, Kerly n'kuseka.

"Iwe, mmodzi yekhayo ndamugwadira masiku atatu. Ndikapempha wachiwiri andithamangitsa pakhomo."

Madzulo ake Dayerli anakwera padenga, pamene foni imagwira bwino, n'kuimbira amayi ake. Ku Guapi kunkagwa mvula. Anamva za nkhumba ya oyandikana nawo, za injini ya bwato la amalume ake, kenako mawu anayamba kuduka. Anafotokoza za mayeso kawiri konse. Amayi ake anayankha kuti, "Eya, udye bwino," foni n'kuduka.

Lachisanu m'mawa chipinda cha sukulu, chomwe chinali pamwamba pa holo ya parishi, chinadzaza. Oti adulidwe anakhala ngati odikira jakisoni. Amayi awo ndi azakhali awo, obwera kudzaonerera, anadzazana pa benchi ya kukhoma, ambiri atamanga mipango kumutu, kuopa kuti sizasi ingasochere. Mipando yodulira inalipo isanu ndi umodzi, choncho woyesa, a Ocampo, anagawa atsikanawo pawiri. Kerly anali m'gulu loyamba, Dayerli m'lachiwiri.

Dayerli anabwera ndi sizasi yake, chipeso ndi thawulo lochapa. Sanadziwe chimene anabwerera. Ali chiimire pafupi ndi sinki, Kerly anamukoka mkono, maso ali psuu.

"Mchemwali wanga wathawa. Wati wapita kuchipatala. Chipatala chanji, ndamuona pa foni ali kumsika!"

"Pepa."

"Usandipepese, tamvera. Iwe ulibe mutu, ine ndilibe mutu. Koma tili ndi mitu iwiri."

Dayerli anaona tsitsi la Kerly, lofika m'chiuno, lakuda bii, loti ukhoza kudula zala zinayi mwini wake osazindikira. Kwa nthawi yoyamba mlungu wonsewo, masamu anatheka.

Anapita kwa a Ocampo. Iwo anatsegula mapepala awo, kuwerenga kutsogolo, kuwerenga kumbuyo.

"Palibe pamene aletsa," anatero mokhumudwa pang'ono. "Khalani."

Dayerli anamasula tsitsi lake. Chichokereni kwawo panalibe amene analigwirapo. Zala za Kerly zinali zozizira, komabe zinali zala za munthu, ndipo madzi ofunda atatsika m'khosi Dayerli anatseka maso nthawi yotalikirapo kuposa mmene kutsuka kumafunira.

Atawatsegula anaona m'galasi kuti Kerly wayambira kolakwika.

"Gawa kaye pakati," ananong'ona, milomo osaigwedeza. "Weramitsa mutu wanga. Usakoke, likauma libwerera."

"Khala chete, chidole iwe," Kerly ananong'onanso, koma anamvera.

Kumanzere kunafupika. Kerly anadula kumanja kuti kufanane, kumanja n'kupitirira. Anabwerera kumanzere. Zala zinayi zinakhala zisanu ndi chimodzi, kenako Dayerli anasiya kuwerenga. Ankangoona tsitsi lake likugwera pa simenti, mwezi ukutha, n'kumauza Kerly pokhotetsa sizasi. Nthawi itakwana linali m'makutu, koma linali lofanana mbali zonse. A Ocampo analikweza ndi chipeso, kuliyeza, n'kulemba.

"Mwakhoza, koma mwapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Gulu lachiwiri, konzekani."

Dayerli anaimirira, kukutumula thawulo, n'kupukuta mpando. Anayala zipeso zake motsatana ndi kukula kwake. Atatembenuka anapeza Kerly ali pakhomo, tsitsi lonse atalikulunga m'dzanja limodzi pachifuwa.

"Tiye, Kerly."

"Dayer, tamvera."

"Ayamba kuwerenga nthawi."

"Waona mmene lako lathera? Ndi mwezi umenewu, si ine. Dzanja limangopita lokha." Misozi inali ikutsika, yeniyeni. "Ndili ndi ukwati wa msuweni wanga mwezi wamawa. Amayi akandipha."

"Ine sindilakwitsa. Ukudziwa."

"Ndikudziwa, mnzanga, ndikudziwa. Pa naini. Ndikulumbira, pa naini udzandidule mpaka mpala ngati ukufuna."

Masitepe a parishi ndi achitsulo. Anamveka onse Kerly akutsika, mpaka lomaliza.

"Yambani," anatero a Ocampo.

Masizasi asanu anayamba kulira. A Nubia anapeza chochita mu kabati ya mankhwala a tsitsi, ndipo anachichita atafulatira. A Ocampo anafika pa mpando wachisanu ndi chimodzi, kuona mpandowo, kuona wotchi yawo.

"Mayi, zikadutsa mphindi zisanu ndilemba kuti simunabwere."

Dayerli anatembenukira ku benchi ya kukhoma. Panali azimayi khumi ndi anayi, anawawerenga. Ena ankamudziwa nkhope, ankakumana naye pogula buledi. Mmodzi anakonza mpango wake. Wina anatsegula chikwama n'kumafufuzamo. Mphepo ya pazenera inkamuzizira Dayerli pakhosi, pamalo pamene sipanazolowere mphepo.

Anakokera mpando uja kutsogolo pang'ono, kuti azimayiwo auone bwino.

"Amayi anga, nonsenu, palibe ndi mmodzi yemwe?"